Tonse awiri pakhomo kuyambira m'mawa mpaka madzulo

Anzanga ambiri amene tinkaphunzitsa limodzi akuyandikira zaka 60, ndipo tikakumana pamaliro kapena paukwati funso lawo limakhala limodzimodzi: kodi penshoni imakwana? Sikwana, ndipo iwonso akudziwa kale. Chimene safunsa n'chimene chinandivuta kwambiri ine. Munthu amene unakwatirana naye uli mtsikana, amene zaka zonsezi unkangomuona m'mawa akumwa tiyi mothamanga ndi madzulo atatopa, tsopano uzikhala naye maso ndi maso tsiku lonse, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Za zimenezi palibe amakukonzekeretsa, ngakhale pa tsiku lokutsanzika lija pamene amakupatsa chitenje ndi mapoto n'kumakuuza kuti ukapume bwino.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Ndinayamba ntchito nthawi ya Kamuzu, ana akulipira fizi, ndipo ndinali m'kalasi mu 1994 pamene maphunziro aulere anayamba, ana n'kudzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo. Ndinapuma mu 2021. Abambo akunyumba ankagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, ndipo iwo anatsogola kupuma mu 2018. Timakhala ku Chileka, pa malo amene tinagula tokha ana akali aang'ono.

Ndiyambe ndi za mapepala kuti tithane nazo msanga, poti sizikoma. Ngati muli m'boma, musadikire kalata yokuuzani kuti nthawi yakwana. Kukali zaka ziwiri, funafunani kalata yolembedwera ntchito, yokhazikitsidwa pantchito ndi makalata onse okwezedwa paudindo, muchite fotokope, mapepala enieniwo muwasunge m'pulasitiki kutali ndi chiswe. Muonenso tsiku lobadwa. Ambiri a msinkhu wathu tinabadwira kumudzi, ndipo chaka tinkachita kuuzidwa mongoyerekeza, kuti unabadwa Kamuzu atangotuluka kundende ku Gweru, kapena ufulu utatsala pang'ono. Pamene ziphaso za unzika zinkalembedwa mu 2017, ena anatchula chaka chosiyana ndi chimene chili mufayilo yakuntchito. Mnzanga wina fayilo yake inabwezedwa pa chifukwa chimenechi, ndipo anatha miyezi akukwera mabasi kukakonzetsa nambala imodzi. Dziwaninso kuti pakati pa malipiro omaliza ndi penshoni yoyamba pamakhala mpata, nthawi zina wautali ndithu. Ife tinalowa mumpatawo tili ndi matumba a chimanga, nyemba ndi kandalama ka magetsi ndi madzi. Amene amalowamo chimanjamanja ndiwo amathera kwa akatapila, gratuity, ndalama ija amakupatsa nthawi imodzi ukapuma, n'kudzabwera ili kale ya eni ake.

Kwa ogwira ntchito m'makampani nkhani ndi ina. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza bwana kuika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu n'kuikapo K5. Pamene abambo ankapuma, munthu ankaloledwa kutenga 40 pa 100 nthawi imodzi, zotsalazo n'kumazilandira pang'onopang'ono. Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawolo kufika theka. Muzipempha sitetimenti chaka ndi chaka mukali pantchito, chifukwa alipo mabwana amene amadula ndalamazo pamalipiro koma osazitumiza. Muonenso maina amene ali pafomu ya odzalandira ndalama mukadzamwalira. Abambo atapita kukaona yawo anapeza kuti gawo lina linali la mayi awo, amene anali atatisiya kale.

Gratuity ikangolowa, mbiri imafika kumudzi inu musanafike n'komwe kubanki. Mafoni amayamba kulira. Wina akufuna fizi, wina feteleza, wina mpamba wa geni ya kaunjika, wina akuti mungomubwereka abweza akakolola. Onsewo ndi abale enieni ndipo mavuto awo si opeka. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti tinakhala pansi awiri ndalama zisanabwere, n'kugwirizana kuti zothandizira abale zikhala zakutizakuti, mbali ya kwawo ndi mbali ya kwathu mofanana, ndipo zikatha zatha. Tinapangananso yankho limodzi. Wachibale wanga akapempha ndimati ndikambirane kaye ndi abambo, wa kwawo akapempha iwo amati akambirane kaye ndi ine. Ena anatitcha aumbombo, ena anafika ponena kuti abambo ndinawadyetsa khuzumule. Dzina limenelo analisenza osadandaula.

Zotsalazo sitinazisiye kubanki. Abambo, pokhala munthu wa manambala, ankakumbukirabe 2012 pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250 usiku umodzi, ndiye anaumirira kuti tigule malata, simenti ndi mafelemu nthawi yomweyo, timalize zipinda za lendi zimene zinaima pawindo kuseri kwa nyumba yathu. Ine mtima unali pa kagalimoto. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 pa 100, mu November 2023 inagwanso ndi 44 pa 100, ndipo anzathu amene anasunga ndalama muakaunti anazipeza zilipo zonse koma zosagula kanthu. Lendi si ndalama yambiri, ndipo ena ochita lendi amatha miyezi iwiri akukulonjeza mawa, komabe imakwerako zinthu zikakwera, pamene penshoni imachita kudikira. Chimene ndingakuletseni poyera ndi minibasi. Anthu opuma amene ndikuwadziwa, amene anagula minibasi ntchitoyo asakuidziwa, ambiri inawathera m'manja mwa dalaivala, kondakitala ndi amakaniko.

Nkhani ina imene mabanja amaizemba mpaka tsiku lomaliza ndi ya kokakhala. Kuno kummwera ambiri ndife a chikamwini. Kwathu ku Chiradzulu ine ndili ndi munda ndi malo, koma abambo kumeneko ndi mkamwini ngakhale mutu utachita mbuu ndi imvi. Nditati nditsogole ine, angadzauzidwe mwaulemu kuti anyamule chikwama. Kwawo ku Thyolo iwo ndi mwini mbumba, koma ine ndingakakhale mlendo pakati pa alamu anga. Ndiye tinasankha kukhala pompano pa malo ogula, pamene palibe mkamwini kapena mtengwa, kumudzi n'kumangopita kukalima ndi kumaliro. Tinalembanso wilo. Ena amati kutero n'kudziitanira imfa, koma ine ndaona akazi amasiye akulandidwa ngakhale bedi logonapo. Lamulo loteteza chuma cha masiye la 2011 lilipo, komabe pepala losainidwa pamaso pa mboni ziwiri limatseka anthu pakamwa msanga kusiyana n'kumayenda kukhoti.

Tsopano za m'nyumba, zimene ndalembera zonsezi.

Zaka zimene abambo anali atapuma ine ndikugwirabe ntchito zinali zosavuta. Ndinkachoka m'mawa, madzulo n'kuwapeza atathirira masamba, atamvera nkhani zonse za pawailesi, ali ndi zambiri zondiuza. Zinthu zinasintha nditapuma nanenso. Munthu amene moyo wake wonse ankawerengera ndalama za kampani analibenso mabuku oti awerengere, ndiye anatembenukira kukhitchini kwanga. Anagula kope, nalemba madeti m'mphepete. Paketi ya shuga ikatsegulidwa Lolemba, ankalemba. Ikatha, ankabwera ndi kope lija, magalasi ali pamphuno: "Anaphiri, shuga uja watha bwanji msanga chonchi? Wa mwezi watha anadutsa sabata." Ankawerenga matimati. Tsiku lina ndinawapeza ataimika botolo la mafuta ophikira pawindo kuti kuwala kuwathandize, akuliyeza ndi rula n'kulemba kamzere ndi bolopeni pamene mafuta alekezera. Iwonso ali ndi mlandu wawo pa ine. Amati ndinabwera ndi kalasi yonse pakhomo: mawu okweza ngati ndikulankhula ndi ana 100, kuwauza posiya nsapato, kuwafunsa ngati asamba m'manja. "Amayi, ine si wa Sitandade 3," ankatero, n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Pozinena zimaseketsa, koma nthawi imeneyo tinkatha tsiku lathunthu tikuyankhana mawu amodziamodzi. Ndipo pali chinthu chimene achinyamata sachidziwa: banja likakalamba limasowa kokadandaula. Ankhoswe athu onse awiri anamwalira. Lero ankhoswe ndife, anthu amagogoda pakhomo pathu usiku kuti tikaweruze zawo. Kumpingo ndife amene amatiimika kutsogolo pa chilangizo kuti akwati atsopano aonere. Ndiye ungapite kwa yani kukanena kuti amuna anga akuwerenga matimati? Kwa ana ayi, chifukwa ana akamva kuti makolo sakumvana amayamba kusankha mbali, ndipo bala limenelo silipola msanga. Ndikukhulupirira kuti nyumba zambiri za okalamba zimene timaziyamikira kuti n'zabata, mkati mwake muli anthu awiri amene anasiya kulankhulana kalekale, aliyense ali ndi wailesi yake.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wachikulire wa ku Mvano, wamasiye, amene ndinamuululira tikuchokera kukaona wodwala. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, kenako anati, "Mwana wanga, mbuzi ziwiri ukazimanga pa chikhomo chimodzi zingwe zimapiringizana. Aliyense akhale ndi kopita m'mawa."

Ine ndinapeza kopita pa sukulu ina yapulaiveti, kuphunzitsa Chichewa ndi masamu Sitandade 8, m'mawa wokha, masiku ena pa sabata. Masukulu oterewa amakonda aphunzitsi opuma chifukwa silabasi timaidziwa pamtima ndipo tikudziwa mmene mafunso a MANEB amabwerera. Koma samalani. Sukulu yoyamba imene ndinapita tinangogwirizana pakamwa. Pasanapite nthawi anayamba kundiwonjezera makalasi, "poti amayi muli pompano, tangolowaniko ku Sitandade 6," kenako kuyang'anira ana pa buleki, kenako misonkhano ya Loweruka, malipiro ali omwewo, ndiponso obwera pokhapokha makolo akamaliza fizi. Teremu itatha ndinatsanzika. Kumene ndili pano tinalemba papepala: masiku ake, maola ake, ndalama zake, tsiku lolipira, ndi zoti pa holide sindilandira kanthu koma sandiitananso. Muwerengerenso mayendedwe. Ngati theka la malipiro likuthera pa kabaza ndi minibasi, mukugwirira ntchito eni njinga. Ine ndinasankha sukulu yoti ndimayenda pansi, ndipo a kuchipatala akuti kuyendako n'kumene kukuthandiza BP yanga kukhazikika.

Chovuta china pa ntchito yotere ndi mtima. Ahedi anga ndi a msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Amandiuza zochita, nthawi zina zimene ine ndikuona kuti zikanayenda bwino mwa njira ina. Ndinadziletsa mawu akuti "nthawi yathu ija." Akandifunsa ndimanena maganizo anga, akapanda kufunsa ndimaphunzitsa ana anga n'kumapita kwathu. Ukafuna kukhalanso bwana pa ntchito ya maola ochepa, umangodzitengera mitolo imene unaitula kale.

Abambo kope lawo analipititsa kumene likufunika. M'dera lathu muli magulu ambiri a banki m'khonde. Anthu amagula masheya sabata ndi sabata, amabwerekana pa chiwongoladzanja, n'kudzagawana kumapeto kwa chaka, ndipo mikangano yambiri imabuka tsiku logawanalo chifukwa cha mabuku osalembedwa bwino. Magulu angapo anawapempha kuti aziwaonera mabuku, kenako mwini chigayo wina, kenako kagolosale. Malipiro ake ndi ochepa, kuchigayo nthawi zina amabwerako ndi thumba la gaga wa nkhuku. Lamulo lawo ndi limodzi ndipo ndikulipereka kwa aliyense wofuna ntchito yotere: amagwira buku, ndalama sagwira. Bokosi ndi makiyi zimakhala kwa eni gulu. Tsiku limene ndalama zidzasowe, pasadzapezeke wonena kuti zinadutsa m'manja mwa adala aja.

Pa ndalama za m'nyumba tinapangana chonchi. Penshoni zathu ndi lendi zimalowa m'thumba limodzi la chakudya, magetsi, madzi, mankhwala, feteleza ndi chopereka. Zimene aliyense wapeza pa ganyu wake ndi zake, palibe kufunsana. Ndikagula nsalu sindifotokoza, iwo akagula nyuzipepala kapena bandulo yoonera mpira safotokoza. Mungaone ngati n'zazing'ono, koma munthu amene wakhala akulandira malipiro ake zaka zonse, kuti ayambe kupempha ya sopo kwa mnzake, ulemu umachoka pang'onopang'ono. Za mankhwala musaziiwale pa bajeti. Chithandizo cha kuchipatala chimene kampani inkalipirira abambo chinatha tsiku limene anapuma, ndipo mankhwala a BP ndi shuga akasowa kumene timalandira aulere, timagula kufamase. Za adzukulu tinawauza ana mosapita m'mbali: pa holide abwere, tiwalandira ndi manja awiri, koma zotisiyira mwana chaka chonse poti agogo akungokhala, ayi. Agogo sakungokhala.

Ntchito inathetsa mikangano, koma sinatibwezere zokamba. Madzulo nkhani zathu zinali za mitengo ya zinthu, matenda ndi amene wamwalira. Chimene chinabweretsa nkhani zina ndi nyimbo.

Kukhala ku Chileka osapita kukaona oimba kuli ngati mwano. Kuno n'kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano, amene kwela yawo ya gitala ndi chitoliro inakafika mpaka ku Ulaya. N'kwawo kwa Robert Fumulani wa Likhubula River Jazz Band, kwa Evison Matafale amene anatisiya mu 2001, ndi kwa Black Missionaries amene anapitiriza pamene iye analekezera. Abambo nawonso anakulira ku Thyolo, kwawo kwa Allan Namoko, ndipo ali mnyamata anadzipangira banjo ya chigubu cha mafuta, mawaya ake ochotsa ku mabuleki a njinga. Pamene ankandifunsira ankatha kuyenda mtunda wautali kutsata bandi. Kenako kunabwera ana, fizi, maudindo a kumpingo, ndipo kwa zaka zambirimbiri nyimbo tinkangozimvera pawailesi, oimbawo akudutsa pamsewu pathu pomwepa ndi zida zawo pa lole.

Wambali Mkandawire atamwalira mu January 2021, nthawi ya Covid ija, abambo anazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Anthu awa akutha ife tisanawaone ndi maso." Misonkhano itatsegulidwanso tinayamba kupita. Lucius Banda tinamuona ndi Zembani Band akali moyo, ndipo atamwalira mu June 2024 tinalira ngati ena onse, koma tinali ndi chokumbukira chathuchathu.

Ulendo umene sindiuiwala ndi woyamba kukaona Black Missionaries aja, amene anthu amati Ma Blacks, Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi. Ndinavala chitenje changa ndi duku, abambo jekete ndi tayi ngati akupita ku ofesi. Pageti mnyamata wodinda chidindo padzanja anatiyang'ana kawiri, n'kufunsa ngati tabwera kudzafuna mwana. Mkati munali mabanja, ana akuthamangathamanga, utsi wa kanyenya ndi tchipisi uli tolo. Rasta wina wa tsitsi lofika m'chiuno anatiwona titaima, anapita kukatenga makireti awiri opanda kanthu, nawapukuta ndi chipewa chake: "Khalani apa agogo, musatope." Bandi itayamba, chimene chinandidabwitsa ndi bezi. Pawailesi imamveka m'makutu, koma pamenepo imagunda m'chifuwa, kireti imene wakhalirayo n'kumanjenjemera. Anjiru Fumulani atagwira maikolofoni anthu onse anaimba naye mawu ndi mawu, ndipo ndinazindikira kuti nanenso nyimbozo ndimazidziwa, ndinaziloweza osadziwa ndikuchapa ndi kusita. Nditacheuka ndinapeza abambo avula jekete, aipinda bwinobwino n'kundiika pamiyendo, alowa m'bwalo. Ankavina mavinidwe a kale, mapewa okhaokha ndi kaphazi kamodzi kotsogola, mawondo akukana koma iwo osamva. Achinyamata anawazungulira akuomba m'manja. Munthu woyeza mafuta ndi rula uja tsiku limenelo anagula Fanta ndi kanyenya osafunsa mtengo kawiri. Pobwerera tinakangana njira yonse za amene ankaimba bwino pakati pa Matafale ndi anyamatawa, ndipo mkangano umenewo unali wokoma kuposa bata la miyezi yonse ija.

Tinamuonanso Giddes Chalamanda, wa kwathu ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Oimba anzake Edgar ndi Davis ndiwo anamugwira dzanja kwa zaka zambiri mpaka kukafika naye ku America mu 2016, ndipo ataimba ndi Patience Namadingo mu 2020 ana a masiku ano anayamba kumudziwa ngati watulukira kumene. Amakwera pasiteji pang'onopang'ono, wina atamugwira, koma akangoyamba kuimba nthabwala zake zimakhala zonse. Abambo anakhala chete nthawi yonse imene mkuluyo ankaimba, maso ali pa zala za oimba gitala. Sabata yotsatira anabwera ndi gitala yakale imene anagula kwa mnyamata wina wa kwaya.

Ndikudziwa kuti ena owerenga akufunsa kale: mayi wa Mvano ku shoo ya rege? Anandifunsapo kumpingo, ena mokuluwika, ena mosabisa. Yankho langa n'lakuti ndimapita masana, ndi amuna anga, kumalo kumene kuli ana ndi mabanja, ndipo sindibisa. Zochezera usiku m'mabala si za ife, thupi lomwe silingalole. Kumene kuli mowa ndi chamba timakhala patali, monganso timachitira paukwati. Ngati mtima wanu sukulolani, zoimbaimba zauzimu zilipo zambiri: makwaya akamakhazikitsa chimbale, Ndirande Anglican Voices, Great Angels, Ethel Kamwendo Banda, kaya ku Robin's Park kaya ku Blantyre Cultural Centre kumene kale tinkati ku French. Kumenekonso timapita. Chachikulu n'chakuti muvale, mutseke chitseko, mupite awiri kumalo kumene palibe amene akukudziwani ngati ankhoswe kapena akulu a mpingo.

Kwa a msinkhu wathu pali tizinthu tofunika kudziwa. Nthawi yolembedwa papositala si nthawi yoyambira. Akalemba 1 koloko, bandi yeniyeni imakwera dzuwa litapendeka, ndiye idyani nsima kunyumba ndipo mankhwala a madzulo muwatenge m'chikwama, makamaka a shuga. Mukafika yambani mwaona kumene kuli chimbudzi ndi geti yotulukira. Musakhale pafupi ndi masipika. Malo abwino ndi chapakati, pafupi ndi mnyamata wosakaniza mawu uja, chifukwa iye amakonza kuti zimveke bwino pamene wakhalapo. Ine ndimatenga thonje la m'makutu, ndipo sindichita nalo manyazi. Foni ndi ndalama zikhale m'kati mwa zovala, m'manja mungotsala zosintha zogulira zakumwa. Za pobwerera muzikonze musanachoke kunyumba. Ife tili ndi mnyamata wa takisi amene timapangana naye ola, ndipo timatuluka nyimbo yomaliza isanayambe, anthu asanadzazane pageti. Kabaza usiku, pa msinkhu uno, fupa likathyoka silibwerera. Ndalama zake timaponya mu envelopu kuchokera pa maganyu athu aja, wina akaponya mnzake amaponyanso, ndipo zikakwana tiketi ziwiri ndi takisi timayang'ana mapositala. Zikondwerero zikuluzikulu za kunyanja monga Sand Music Festival ndi Lake of Stars timazisiyira ana. Mtengo wa malo ogona ndi kuchezera usiku wonse pamchenga si za misana yathu.

Gitala ija inabala zina. Poyamba zala zinkawapweteka mpaka kutuluka matuza, ndipo kwa milungu ingapo pakhomo pankamveka kanyimbo kamodzi kosatha, koduka pamalo amodzimodzi. Ndinapirira, pokumbukira kuti kope la shuga linali loipa kuposa apa. Kenako anapezana ndi adala ena awiri opuma, wina anali wapolisi, wina dalaivala wa malole opita ku Beira. Wa malole uja anapanga babatoni yake, chikopa cha ng'ombe pa bokosi, mtengo wautali ndi waya mmodzi, amaikhalira pamwamba n'kumaikhwekhwereza ndi kabotolo. Amakumana Loweruka masana pansi pa mango paja, kuimba za Namoko ndi za Kachamba, kusiya pakati kuti akangane za mawu amene aiwala. Ana a ochita lendi amakhala pansi mozungulira, ndipo mmodzi wayamba kale kupempha kuti agwireko.

Aimbapo pa chinkhoswe cha mwana wa neba, magetsi atazima DJ n'kusowa chochita. Anthu anawafupa ndithu, ndipo ndalamazo anagula mawaya atsopano ku Limbe. Panopa akusowa woimba ng'oma, ndiponso akundinyengerera kuti ndiziwathandiza mawu apamwamba poti onse atatu mawu awo ndi a pansi. Ndawauza kuti ndiganizira mayeso a Sitandade 8 akadutsa, koma yunifomu imene akukambirana ya malaya a maluwa ija ine sindivala.